TiS2, pyrite, sulufule kapena Na2FeS2: ndi iti ingapirire mu batire la sodiyamu lopanda madzi?

Mabatire a sodiyamu afika kale pamsika, pamenepo palibe mkangano. Kampani ya CATL ya ku China inaonetsa lake loyamba mu 2021, la 160 Wh/kg (kuchuluka kwa moto womwe kilo imodzi ya batire imasunga), kenako mu 2025 inatulutsa lina lotchedwa Naxtra lomwe akuti likufika 175 Wh/kg. Koma onsewa mkati muli madzimadzi, electrolyte, modutsa sodiyamu pakati pa mbali ya pulasi ndi ya mayinasi, yomwe imatha kuyaka batire likatentha kwambiri kapena likabooka. Ine nkhani yanga lero ndi ya mtundu wina, mabatire a sodiyamu opanda olo dontho la madzi, momwe zonse mkati ndi ufa wopsinjidwa mpaka kugwirana ngati mwala. Awa akadali m'malabu, musavutike kukawafunsa kushopu ya zasola, koma ndimawatsatira kwambiri chifukwa aliyense amene anagulako batire la mtovu la sola nkuliona likufooka pasanathe zaka zingapo akudziwa kuti vuto lathu lalikulu si mapanelo, ndi posunga motowo. Zomwe ndiyerekeze pano ndi sulufule ndi ma sulfide, zosakaniza za sulufule ndi zitsulo, zomwe akuziyesa ngati electrode, ufa wosunga moto kumbali ya pulasi kapena ya mayinasi ya batire.

Sodiyamu ali ponseponse, ndi yemwe ali mu mchere wathu wathirandiwoyu, amapanga magawo oposa 2 pa 100 a nthaka ndi miyala ya dziko lapansi pomwe lithiyamu ndi magalamu pafupifupi 20 okha pa tani. Kumapeto kwa 2022 tani ya lithium carbonate ku China inatsala pang'ono kufika 600,000 yuan, kenako mtengo unagwa koopsa, ndiye kukwera ndi kutsika kotereku nkomwe kumapangitsa anthu kufuna china chodalirika. Vuto la sodiyamu ndi thupi. Ion yake, kanthu kakang'ono komwe kamayenda m'batire, kukula kwake ndi 1.02 Å (muyezo wa tinthu tosaoneka ndi maso) pomwe ya lithiyamu ndi 0.76 Å, ndi mlendo wonenepa, pomwe mnzake amangodutsa iye amakakamira pakhomo ndipo akalowa nyumba yonse imamva.

Apa ndi pomwe ma sulfide amalowera. Sulufule ndi wamkulu komanso wofewa kuposa okosijeni, sagwira sodiyamu mwamphamvu, nde sodiyamu amayenda momasuka mkati mwake. Komanso ufa wa sulfide umagwirana ukangoupsinja wozizira, pomwe ma electrolyte a oxide ngati NASICON kapena beta-alumina amafuna kuwotchedwa pa moto woposa 1000°C ngati njerwa mu uvuni. Mu 2012 gulu la Akitoshi Hayashi ku Osaka Prefecture University linaonetsa electrolyte ya sulfide yotchedwa Na3PS4 yoyendetsa sodiyamu pa 0.2 mS/cm (muyezo wa momwe sodiyamu amadutsira mosavuta) pa kutentha kwa m'nyumba, ndipo mu 2019 gulu lomwelo linafika 32 mS/cm ndi Na2.88Sb0.88W0.12S4, kuposa madzimadzi a m'mabatire a foni omwe amakhala cha m'ma 10. Koma electrolyte ya sulfide ili ndi malire ake, voteji ikapitirira cha m'ma 2.5 V imayamba kuwonongeka, ndiye ukaiphatikiza ndi ma electrode a oxide omwe amagwira pa 3 V kupita mtsogolo, pamalire pomwe zakumana pamapangika kakhungu kotchinga njira. Ma electrode a sulfide amagwira cha m'ma 2 V kapena kutsika, ndipo ndi a banja limodzi ndi electrolyte, sakanganirana malire. Chifukwa chake nchimenecho anthu akuwafufuza, olo voteji yawo ili yotsika.

Chomwe ndikufuna mugwire musanaone manambala ndi ichi. M'batire lamadzi, electrode ikatupa kenako nkufota, madzi amatsatira nkudzaza mng'alu uliwonse. M'batire lolimba mulibe chotsatira. Zili ngati dothi la makande, m'dzinja limatupa, chilimwe chikafika limang'ambika, ndipo mng'aluwo ukatseguka sodiyamu alibe mlatho wowolokera, ufa umene uli tsidya linalo wafa basi olo ukhale wabwino bwanji. Ndiye nambala ya mAh/g, ija yonena kuchuluka kwa moto womwe galamu imodzi ingasunge, payokha siikuuzani zambiri. Muzifunsanso kuti chimatupa motani, komanso ngati chimabwera ndi sodiyamu wakewake kapena chikudikira kuti wina achipatse.

Tiyambe ndi mkulu wa onse, TiS2, ya titaniyamu ndi sulufule. Stanley Whittingham anaigwiritsa ntchito ku Exxon m'ma 1970 popanga batire la lithiyamu lotchajika, ntchito yomwe inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi John Goodenough ndi Akira Yoshino. Kapangidwe kake ndi kosanjikizana ngati zikombole za njerwa zoikidwa china pamwamba pa chinzake, sodiyamu amalowa pakatipo nkutuluka osagwetsa kalikonse. Pa pepala imasunga 239 mAh/g, voteji yake pafupifupi 2 V kutsika pang'ono, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti imayendetsa magetsi yokha ngati chitsulo, ndiye sufunika kuthiramo kaboni wambiri. Zimenezi nzofunika kuposa momwe zikumvekera, chifukwa kaboni mu electrode amafulumizitsa kuwonongeka kwa electrolyte ya sulfide, paliponse pomwe kaboni wakhudza electrolyte pamakhala potayikira. Selo (kabatire koyesera) yomwe gulu la ku Osaka lija linapanga mu 2012 inali ya TiS2 yomweyi mbali ya pulasi, ndi chisakanizo cha sodiyamu ndi tini mbali ya mayinasi, ndipo moto womwe inasunga sunafike olo theka la 239, koma inaonetsa kuti batire la sodiyamu lolimba lingatchajidwe pa kutentha kwa m'nyumba.

Zofooka zake zilipo. Ndi lithiyamu, TiS2 imalandira mlendo mosalala, koma ndi sodiyamu zigawo zija zimaseseleka nkusintha kaimidwe kangapo panjira, ndipo kuseseleka kulikonse kumadya moyo wa batire pang'onopang'ono. Ilibenso sodiyamu wakewake, nde mbali inayo iyenera kubwera nditu ndi sodiyamu, zomwe kufakitale nzovuta komanso zoopsa kugwira. Kenako mtengo, titaniyamu si wotchipa. Ndikudziwa ena aganiza kale za Kasiya, komwe kampani ya Sovereign Metals inapeza rutile wochuluka kwambiri, zoona rutile ndi gwero la titaniyamu, koma kuchoka pa mchenga wa rutile kufika pa TiS2 yoyera pali ulendo wautali wa mafakitale omwe ndi odula. Graphite yemwe ali ku Kasiya komweko naye sathandiza pano, sodiyamu salowa bwino mu graphite, nchifukwa chake mabatire a sodiyamu amagwiritsa ntchito kaboni wa mtundu wina wotchedwa hard carbon kumbali ya mayinasi. Kwa ine TiS2 ndi sikelo yoyezera zinazo, wina akapanga electrolyte yatsopano amayamba wayesa ndi TiS2 kuti aone ngati ikugwira, koma sindikuona ikudzakhala m'mabatire a m'midzi.

Mo6S8, ya molybdenum ndi sulufule, ndingoidutsa mwachangu. Amaitcha Chevrel phase potengera Roger Chevrel wa ku Rennes, France, yemwe anafotokoza gulu la zinthuzi mu 1971. Ili ngati khola lamphamvu lokhala ndi tinjira mbali zonse, sodiyamu amalowa nkutuluka kholalo osasuntha kwenikweni, ndipo imayendetsa magetsi bwino. Gulu la ku University of Maryland mu 2018 linaikuta ndi Na3PS4 nkuitchaja maulendo 500. Kupirira ilinako. Koma molybdenum ndi wolemera komanso wodula, pa pepala ndi 128 mAh/g yokha ndipo voteji ndi yotsikanso, ukachulukitsa ziwirizi umapeza moto wochepa kwambiri pa kilo. Ndi phunziro labwino la zomwe kusatupa kumapindula, basi.

Tsopano pyrite, FeS2, mwala wonyezimira wachikasu womwe wapusitsa anthu ambiri poganiza kuti apeza golide. Uwu ndi womwe umakoka mtima, chifukwa ndi chitsulo ndi sulufule basi, palibe chodula mmenemo, ndipo ndi sulfide yopezeka kwambiri padziko lonse. Ku Zambia mgodi wa Nampundwe umakumba pyrite, kuno kwathu ilipo ku Chisepo m'boma la Dowa ndi ku Malingunde. Mabatire a AA a lithiyamu a Energizer aja okhalitsa mu tochi mkati mwake ndi pyrite yomweyi, kungoti iwo satchajika. Pa pepala ndi 894 mAh/g, pafupifupi kanayi kuposa TiS2, ndiye munthu ukaona nambala imeneyi umafuna kungotseka nkhani.

Koma taonani momwe imafikira pa 894. Poyamba sodiyamu amalowa mwaulemu, mpaka voteji itatsika cha m'ma 0.8 V. Ukapitiriza kutsitsa, nyumba yonse imagwetsedwa, FeS2 imasanduka tizidutswa ta chitsulo ndi Na2S (sodiyamu wogwirana ndi sulufule), ndipo potchaja uyenera kumanganso kuchokera pa zibuma zomwe zagwazo. Ukawerengera kukula kwa zomwe zatulukazo poyerekeza ndi pyrite yoyamba, malo omwe zikufuna ndi pafupifupi kanayi. Tangoganizani nkhokwe yomwe imakula kanayi nthawi yokolola kenako nkubwerera, tsiku lililonse, itazingidwa ndi khoma la njerwa. Khomalo lingapirire kangati? Ndiponso zomwe zimamangidwanso potchaja sizikhala pyrite yeniyeni ngati poyamba, ndipo voteji yotchajira imakhala pamwamba kwambiri kuposa yomwe batire limabweza, kutanthauza kuti gawo looneka ndithu la moto womwe mapanelo apanga limangosanduka kutentha. Pa sola zimenezi zimawawa, chifukwa moto wotayikawo ndi mapanelo ena owonjezera omwe uyenera kugula.

Ofufuza amazemba vutoli m'njira ziwiri, kugaya pyrite mpaka tinthu tating'onoting'ono kuti kutupa kugawikane, kapena kuletsa batire kutsika pansi pa 0.8 V kuti nyumba isagwe. Njira yachiwiriyi imathandizadi kuti likhalitse koma nambala ija ya 894 umaitsanzika, umatsala ndi gawo lochepa. Chinanso, pyrite yokumba siyoyera, nthawi zambiri imakhala ndi arsenic ndi zitsulo zina, ndiye musaganize kuti nkungofukula ku Dowa nkuthira m'batire. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe batire lolimba limaichitira chifundo pyrite ndi abale ake onse. M'madzimadzi, sulufule amapanga ma polysulfide omwe amasungunuka nkusambira kupita mbali inayo kukawononga, ndi matenda akale a mabatire onse a sulufule. Mopanda madzi mulibe mosambira. Pachifukwa ichi chokha pyrite ili ndi mwayi waukulu kuno kuposa m'batire lamadzi.

CuS, ya kopa, ndi MoS2, ya molybdenum, zili m'gulu lomweli la zogwetsa nyumba. CuS ndi 560 mAh/g ndipo imayendetsa magetsi bwino kwambiri, koma kopa amakonda kutuluka nkuyendayenda mu electrolyte ya sulfide, komanso mtengo wa kopa aliyense wa ku Copperbelt akuudziwa, si chinthu choti uzitaya mu batire lotchipa. MoS2, yomwe amakanika amaidziwa ngati ija ya mu girisi wakuda, ndi 670 mAh/g ndipo mipata yake ndi yotakasuka, koma tabwereranso kwa molybdenum wodula uja. Ziwirizi sindizipatsa mwayi waukulu.

Nanga bwanji osangochotsa zitsulo zonse nkugwiritsa ntchito sulufule weniweni? Uyu ndiye mfumu ya manambala, 1675 mAh/g, ndipo ndi wotchipa mochititsa chidwi chifukwa mafakitale oyenga mafuta amamutulutsa milumilu ngati zotsalira. Ndipo sodiyamu ndi sulufule si banja latsopano ayi. Joseph Kummer ndi Neill Weber a ku Ford anapanga batire la Na-S m'ma 1960, electrolyte yake ndi yolimba kale, chubu cha beta-alumina, kungoti sodiyamu ndi sulufule zonse zimakhala zosungunuka pa kutentha kwa 300°C kapena kuposerapo. Kampani ya NGK ya ku Japan mogwirizana ndi kampani ya magetsi ya TEPCO inayamba kuwagulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anamanga akuluakulu, ku Buzen m'chigawo cha Fukuoka kuli la 50 MW ndi 300 MWh la mu 2016, ku Abu Dhabi 108 MW ndi 648 MWh. Amagwira ntchito, koma moto womwe unabuka pa fakitale ina ku Ibaraki mu 2011 unakumbutsa aliyense kuti sodiyamu wosungunuka ndi sulufule wosungunuka akakumana si zocheza, ndipo batire lofuna 300°C usana ndi usiku silingakhale kuseri kwa chitseko m'nyumba ya munthu. Pofuna kuchepetsa ngozi ya mtundu womwewu, ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria gulu la Johan Coetzer linali litapanga kale batire la ZEBRA, la sodiyamu ndi nickel chloride, koma nalonso ndi lotentha.

Ndiye loto ndi lopanga Na-S yomweyi koma yozizira, zonse zili ufa. Apa mavuto ndi awiri ndipo onse ndi aakulu. Sulufule sayendetsa magetsi nkomwe, ali ngati pulasitiki, ndipo Na2S yomwe amasanduka nayonso ndi chimodzimodzi. Kuti agwire ntchito uyenera kumugaya pamodzi ndi kaboni ndi electrolyte mu chigayo cha timipira tachitsulo kwa maola ambirimbiri, mpaka kanthu kalikonse ka sulufule kakhale kokhudzana ndi zonse ziwiri, ndipo pamapeto sulufuleyo nthawi zambiri amakhala gawo limodzi mwa atatu a electrode kapena kuchepera. Ndiye 1675 ija igaweni katatu musanayambe kusangalala. Kaboni wochulukayo nayenso tanena kale kuti amadya electrolyte. Vuto lachiwiri ndi kutupa, sulufule akasanduka Na2S amakula ndi pafupifupi 170 pa 100, pomwe kwa lithiyamu ndi cha m'ma 80 pa 100, mukuona kunenepa kwa sodiyamu kuja momwe kukubwererera. Ena amayambira pa Na2S, 687 mAh/g, kuti electrode ibadwe itatupa kale ndipo ibwere ndi sodiyamu wake, nzeru yabwino, koma ikafota potchaja ming'alu imatseguka chimodzimodzi, ndipo Na2S ndi youma mutu poitchaja ulendo woyamba. Maselo ambiri otere amayesedwa pa 50 kapena 60°C kuti ayende. Ngati wina adzathetse zimenezi adzakhala wapambana onse, koma ine ndikuona kuti njirayi ndi yayitali kuposa zonse zomwe tatchula.

Yomwe yandigwira mtima ndi Na2FeS2. Gulu la Atsushi Sakuda ndi Hayashi, lomwe tsopano lili ku Osaka Metropolitan University chifukwa sukulu yawo inaphatikizana ndi Osaka City University mu 2022, linafalitsa zotsatira zake chaka chomwecho. Zopangira ndi zomwezija za pyrite, chitsulo ndi sulufule, kuwonjezapo sodiyamu, koma kamangidwe ndi kena, chitsulo chilichonse chazingidwa ndi masulufule anayi ndipo zalumikizana ngati unyolo, sodiyamu amakhala m'mipata ya pakati pa maunyolowo. Nyumbayi inamangidwa mlendo ali kale mkati, ndiye zitseko nza saizi yake. Potchaja, chitsulo chimapereka ma electron ndipo sulufule nayenso amapereka, onse awiri akugwira ntchito, ndiye moto umachuluka popanda kugwetsa makoma. Anapeza pafupifupi 320 mAh/g, pafupi kwambiri ndi 323 yomwe masamu amalola, ndipo selo inapitirira maulendo 300 otchaja.

Yerekezani nokha. Ikuposa TiS2 pa moto wosunga, yopanda titaniyamu. Ikuchepera pyrite pa pepala koma zomwe ikulonjeza ikubweretsadi, mobwerezabwereza. Ndipo ndi mlendo wobwera ndi kamba wake, sodiyamu ali kale mkati, kutanthauza kuti mbali ya mayinasi ingathe kukhala hard carbon kapena tini wamba, osafunika kuti fakitale izigwira sodiyamu wachitsulo yemwe amayaka akakhudza madzi. Ili ndi abale ake a titaniyamu monga Na2TiS3, omwe masamu ake amapereka cha m'ma 280 mAh/g, maganizo ndi omwewo koma chitsulo chikutchipa kuposa titaniyamu kutalitali, ndiye sindikuona chifukwa chosiyira chotchipacho.

Sindikufuna muganize kuti ilibe chilema. Maulendo 300 ndi osakwana chaka chimodzi pa sola yotchaja tsiku ndi tsiku, pomwe LFP (mtundu wa batire la lithiyamu) yomwe ili pamsika imapita masauzande. Voteji yake ndi yotsika, pansi pa 2 V, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake, sisitemu ya 48 V imafuna maselo 15 kapena 16 a LFP a 3.2 V, koma ndi selo ya 1.6 V ufunika 30, mawaya ambiri, zolumikizira zambiri, ndipo BMS, kabolodi koyang'anira maselo, imakhala ndi ntchito yambiri. Komabe voteji yotsika si yachilendo kwa ife, batire la galimoto lili ndi zitsekerero zisanu ndi chimodzi chifukwa selo iliyonse ya mtovu ndi 2 V, ndipo takhala nalo zaka zonsezi likusunga 30 mpaka 40 Wh/kg yokha. Batire lokhala pansi pakona silisamala kwambiri za kulemera, limasamala za mtengo, za moto komanso zaka zomwe likhale.

Kumbali ya mayinasi kulinso ma sulfide, Sb2S3 ya antimony ya 946 mAh/g ndi ma sulfide a tini, ndipo mapepala olemba za iwo ndi ambiri, koma kwa batire lomwe mbali ya pulasi ndi sulfide kale ine ndimawakana. Amagwira pa voteji yokwererapo kuposa hard carbon, ndiye amadyanso pa voteji yochepa yomwe tatsala nayo, amatupa kwambiri, ndipo ulendo woyamba amameza sodiyamu wambiri osabweza. Antimony nayenso wasanduka wovuta, China inaika malamulo oletsa kumutulutsa mwachisawawa mu Seputembala 2024 ndipo mtengo unakwera kwambiri, zomwe zikukhudzanso ma electrolyte a banja la Na3SbS4, ngati ija yothamanga ya 32 mS/cm. Sodiyamu wachitsulo ndiye akanakhala bwino, 1166 mAh/g, koma akakhudza Na3PS4 amapanga Na2S ndi Na3P, ndipo kakhungu kameneka sikasiya kukula, komanso amamera timinga tolowa m'ming'alu mpaka kushotetsa selo. Nchifukwa chake m'malabu ambiri mumapeza Na15Sn4, chisakanizo cha sodiyamu ndi tini, m'malo mwake.

Pali mpikisano wina wochokera kunja kwa banja la sulfide womwe sitingaubise. Mu 2021 magulu a Shirley Meng ndi Shyue Ping Ong ku UC San Diego anaika electrolyte ya chloride yokhala ndi yttrium ndi zirconium kumbali ya pulasi, yomwe imapirira voteji yokwera, nkuiphatikiza ndi electrode ya oxide yotchedwa NaCrO2, ndipo selo inapitirira maulendo 1000. Pa kukhalitsa apa anatiposa. Koma NaCrO2 ndi pafupifupi 120 mAh/g pa 3 V, kuchulukitsa ndi 360 Wh pa kilo ya ufawo, pomwe Na2FeS2 olo titaipatsa 1.5 V yokha ikupereka 480. Ndipo yttrium, zirconium ndi chromium si zinthu zomwe ungayerekeze ndi chitsulo ndi sulufule pa mtengo. Pa galimoto, komwe voteji ndi malo zili zofunika, mwina njira ya oxide ndi chloride idzapambana. Pa nyumba, pa chipatala cha kumudzi, pa mini-grid, ine ndikuima ndi sulfide ya chitsulo.

Chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa banja lonseli ndi chinyezi. Sulfide ikakumana ndi madzi, olo a mumpweya chabe, imatulutsa H2S, mpweya wonunkha ngati dzira lowola, ndipo kuopsa kwake ndi koti ukachuluka kufika cha m'ma 100 ppm mphuno imasiya kuumva, munthu amaganiza kuti watha pomwe ndi pamene wafika poipa. Na3PS4 ndi yoipa kwambiri pa izi, Na3SbS4 ikupirirako, Na2S ndi Na2FeS2 nazo sizifuna chinyezi, pomwe pyrite ndi yokhazikika kuposa zinzake. M'labu amagwira zonse mu bokosi lodzaza mpweya wa argon lopanda chinyezi, kufakitale pafunika zipinda zouma kwambiri zomwe zimadya magetsi ambiri, ndiye kutchipa kwa zopangira kutha kudyedwa ndi kudula kwa kapangidwe. Ndipo ganizirani kumapeto kwa moyo wa batire. Kwathu kuno batire likafa silipita kufakitale, limaswedwa ndi hamala kuseri kwa msika kuti achotsemo mtovu, nthawi zina mvula ikugwa. Batire la sulfide loswedwa motero lingaphe munthu pomwepo. Amene adzabweretse mabatirewa adzayenera kubweretsanso njira yowatolera akatha, apo ayi tidzakhala tachotsa ngozi ya moto nkulowetsa ngozi ya mpweya.

Mukaona nkhani yoti akatswiri apanga batire la sodiyamu lolimba losunga moto wakutiwakuti, fufuzani zinthu zingapo zomwe mitu ya nkhani siinena. Maselo a m'labu nthawi zambiri ndi kambulu kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kopsinjidwa pa ma MPa (muyezo wa mphamvu yopsinjira) mazana angapo popanga, ndipo poyesa kamakhala komangidwa ndi mabawuti pa ma MPa makumi angapo kuti ming'alu ija isatseguke. Mphamvu imeneyo pa batire lalikulu ngati sutikesi ikufuna zitsulo zolemera kuposa batirelo. Onaninso kuti ufa wogwira ntchito ndi wochuluka bwanji pa sentimita iliyonse, chifukwa kagawo kopyapyala kamapirira zomwe gawo lokhuthala silingapirire, onani kutentha komwe anayesera, ndipo onani ngati mbali ya mayinasi inadzazidwa sodiyamu wochuluka, chifukwa ameneyo amabisa kutayika konse komwe kukuchitika. Pyrite ndi sulufule ndi zomwe zimadalira kwambiri mabawuti amenewa popeza ndi zomwe zimatupa kwambiri, TiS2 ndi Mo6S8 sizidalira kwambiri, ndipo Na2FeS2 ndikuyembekezera kuti ili chapakati koma kufupi ndi zosatupazo.

Mu 2024 gulu la ku Osaka lomwelo linaonetsa njira yopangira ma electrolyte a sulfide pogwiritsa ntchito sodium polysulfide, popanda kutsekera zinthu m'machubu otsekedwa ngati kale, zomwe zikutsegula khomo lopanga makilogalamu m'malo mwa magalamu. Chomwe ine ndikudikira tsopano ndi selo yathyathyathya ya m'thumba ngati ya mu foni, Na2FeS2 mbali ino, hard carbon mbali inayo, popanda sodiyamu wapadera wobisa zolakwa, itapsinjidwa pang'ono chabe, pa 25 mpaka 40°C ngati kutentha kwa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, nkupirira maulendo 1000.